Mmene Kanyama inathamangitsira amuna anga

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo ndikuziyala monga zinalili, osawonjezera mchere.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, tikukhala mukomboni ya Kanyama, nthawi imene unga wa nsima, sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkasowa moti ukangomva kuti zafika kushopu umasiya mwana akulira n'kuthamangira pamzere. Amuna anga, amene anali kalaliki mutauni, anawapeza ndi bipi, ndipo kukiliniki anawauza kuti thupi lakulitsa, azilimbitsa thupi. Nanga akalimbitsira kuti? Kumakalabu kunkalowa mabwana akumayadi, ife ngakhale pageti sakanatilola kuima. Amuna anga anati msewu ngwaulere ndipo miyendo ndi yawo, azithamanga m'mawa asanapite kuntchito.

Ine ndinawakaniza. Ndinawauza kuti mukomboni munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa, koma anandiseka, nati za thanzi sindizidziwa. Komanso za kukilinikizo sindinazimeze bwinobwino, chifukwa mwamuna woyamba mwadzidzidzi kulawira atavala kabudula, inu mungati akupita kuti? Choncho m'mawa wina ndinawatsatira chapatali kuti ndione khomo limene akalowe.

Sanalowe khomo lililonse. Anadutsa pampopi, pamene azimayi anali atandanda ndi zidebe, n'kulowera msewu wopita kushopu. Ndinamva ndi makutu anga mayi wina akuuza anzake kuti bakalaliki sangathamange chabe, anthu ogwira mutauni ndiwo amayamba kumva katundu akafika. Basi zidebe zinasiyidwa, ena analowa m'nyumba kukatenga mabotolo, ndipo posakhalitsa msewu unadzaza anthu othamanga pambuyo pawo. Ndinakuwa kuti kulibe saladi, akungolimbitsa thupi, koma ndani akanandimvera? Wina anandiyankha akuthamanga kuti ndikubisa kuti ndigule ndekha.

Amuna anga atacheuka n'kuona chikhamu chonsecho, mantha anawagwira ndipo anawonjezera liwiro. Apo ndi pamene zinaipa. Amuna ena amene anali pafupi ndi msika anangoona munthu wakabudula akuthawa, anthu ali pambuyo, ndipo mmodzi anakuwa kuti kawalala, ndiye kuti mbava. Liwu limenelo mukomboni silifunsidwa kawiri. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti aja omwe anayamba kuthamanga chifukwa cha saladi, amene ankadziwa bwino munthu amene akumutsatira, nawonso anayamba kutola miyala.

Pamene ndinkafika, anali atagwa m'ngalande, magazi akutuluka kukhutu, wina akuwaponda pamsana. Sindinaganize kanthu, ndinangodzigwetsa pamwamba pawo n'kukuwa kuti, “Ni bamuna banga aba! Bakuberani chani?” Chidutswa cha njerwa chinandipeza paphewa, kenako anthu analeka kugenda, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kunena chimene chabedwa. Nditadzutsa mutu ndinaona nkhope zodziwika zokhazokha, wina woimba nawo kwaya kutchalitchi, wina amene mkazi wake ndinamuchezera usiku wonse atadwala. Ndiye mayi uja wapampopi, botolo lili m'manja, anandifunsa kuti, “Manje bamake mwana, saladi kulibe?”

Kodi mukuganiza kuti alipo anabwera kudzapepesa? Anati olakwa ndi amuna anga, munthu wa ndevu angathamange bwanji ngati mwana wasukulu osauza anthu. Khutu lija silinamvenso. Kuthamanga analekeratu, ngakhale kuyenda mofulumira ankaopa, ankangokhala pakhonde thupi likukulirakulira, mpaka bipi yomweyo inawatenga ana asanamalize sukulu.

Lero ndimakhulupirira kuti akukiliniki ananena zoona, ndipo msewu ngwauleredi, koma anthu a mumsewumo sindiwakhulupirira, ngakhale andimwetulire chotani. Inu amene mumathamanga masiku ano mutatseka makutu ndi nyimbo za mufoni, thamangani ndithu, thupi limafuna zimenezo, koma musakhale nokha, pitani awiri kapena atatu, kunja kutayera, ndipo muzipereka moni kwa amene mukuwadutsa. Mukamva mapazi ambiri kumbuyo, chonde musawonjezere liwiro. Imani, mutembenuke, akuoneni nkhope asanatole mwala.