Sefuliya Yophikira Masingano

Amuna anga ankagwira ntchito yotsuka zilonda pa kachipatala ka boma kufupi ndi Ntaja, koma anthu ankawaitana adokotala, ndipo ine sindinkawakonza. Zinali zaka zija zoyenda ndi khadi la chipani m'thumba. Tinali awiri pamitala. Ine wamkulu ndinali pamudzi pa amayi anga, pafupi ndi chipatalacho; mnzangayo anali kwawo ku Utale. Chifukwa cha ntchito, abambo akunyumbawo ankakhala kwa ine kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Uja ankangowaona Loweruka ndi Lamlungu. Ndikanakhala wanzeru ndikanangokhala phee.

Koma panali nkhani ya jakisoni. Masiku amenewo mapiritsi tinkawayesa mankhwala a munthu wosawerengeredwa. Wokondedwa ankabayidwa. Ine ndikadwala, kaya mutu kaya msana, abambo ankandiponyera timapiritsi tiwiri n'kunena kuti, "Mwerani madzi ambiri." Mnzangayo atatuluka chilonda pamwendo, Loweruka lililonse m'mawa abambo ankatenga sefuliya yanga, yanga yophikira tiyi, n'kuwiritsamo jakisoni wagalasi ndi masingano. Ankakulunga pakansalu koyera pamodzi ndi kabotolo ka penisilini, n'kukweza njinga pa basi ya ku Balaka. Nkhuni zake ndinkatola ndine.

Ndinkapsa mtima. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi ine thako ndilibe?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iyayi, amayi, inu simukudwala. Jakisoni si mphatso ya Idi."

Kuseka kumeneko n'kumene kunandilembetsa kalata. Kulemba ndinali nditaphunzira ku sukulu ya kwacha, ndipo kalata yanga yoyamba m'moyo inali imeneyo. Ndinalembera akuluakulu a zaumoyo kuti mankhwala a boma akupita ku Utale kukabayidwa m'nyumba ya mkazi wina. Dzina langa sindinaike. M'mutu mwanga ndinkaona galimoto ikuima pakhomo pa mnzangayo, anthu akumuonerera akufunsidwa, iye manyazi ali tho. Za amuna anga sindinaganize n'komwe. Ndinkayesa kuti wolakwa ndi wobayidwa.

Galimoto inabweradi patapita milungu ingapo, koma inaima pakhomo panga. Munatsika abambo awiri, wina wa magalasi atanyamula chikwama. Anali aulemu, anavomera mpando, madzi anakana. Wa magalasiyo anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana, kuti lamulo limaletsa zinthu ziwiri: kutulutsa mankhwala a boma m'chipatala, ndiponso kuti munthu wotsuka zilonda azibaya odwala payekha popanda womuuza. Wodwala alibe mlandu, anatero. Mlandu ndi wa wogwira singano.

Kenako anandifunsa kuti:

"Amayi, masingano amawiritsira kuti?"

Ndinati sindikudziwa. Koma sefuliya inali pathandala pomwepo, ndipo kuseri kwa nyumba anapeza timabotolo topanda kanthu tomwe amuna anga ankabwera nato kuchokera ku Utale. Ndine ndinkatisunga m'chitini, kuti tsiku la mkangano ndidzawakhuthulire pamaso. Anatenga chitinicho, sefuliya anangoilemba m'buku n'kundisiyira.

Amuna anga anayamba aimitsidwa ntchito. Kenako anawaitana ku Zomba kukayankha pamaso pa akuluakulu. Sanakane chilichonse. Anati chilonda chinali kudya mwendo, chipatala kwa mkaziyo chili kutali, iwo sakanangoyang'ana. Ndinamva kuti mawu amenewo ndi amene anawapulumutsa ku ndende. Koma ntchito inatha, ndipo anawauza kuti akadzagwiranso singano adzamangidwa.

Atabwerako anakhala pakhonde masiku atatu. Kalata sanaitchule. Mwina anaiona ku Zomba, ndipo zilembo zanga ankazidziwa, poti ndi iwo ankandigwira dzanja pophunzira. Tsiku lachinayi anamanga zovala panjinga.

"Kuno ndinkakhalira ntchito," anatero. "Ku Utale kuli munda waukulu ndi mbuzi, ndipo mnzanuyo sangathe kulima ndi mwendo uja. Ndizibwera."

Sanandisiye ukwati, ndisaname. Ankabwera mwezi ukaoneka, nthawi zina kudumphitsa. Anthu amene ankandipatsa moni wa akazi a adokotala anayamba kungonditchula dzina la mwana wanga. Mwendo wa mnzangayo unapola, wopindika pang'ono, ndipo anawaberekera ana anayi. Ndinamuona pamaliro ena atavala nsalu yofanana ndi imene abambo anandigulira ine kalekale, ndipo mtima unandiwawa monga kale, ngakhale tonse tinali ndi imvi.

Sefuliya ija ndinapitiriza kuphikiramo tiyi mpaka inabooka. Masiku asanu pa mlungu anali anga, ndipo ndinawatumiza ndekha ku Utale, sitampa yake n'kugulanso ndekha.