Chigongono cha ba Denisi

Nyengo yozizira ku Chawama inkabwera ndi phokoso. Dzuwa lisanafunde, nyundo ziwiri zinkalira kuseri kwa nyumba yathu, ina ya atate, ina ya ba Denisi, ndipo fungo la penti wopserera pa migolo yakale linkatipeza tikadali m'bulangete. Onse awiri ankapanga mbaula. Ankakhala pansi pa mtengo umodzi wa mango, akusulira pa chidutswa chimodzi cha njanji. Atate anali Myao wa ku Mangochi, ba Denisi M'bemba wa ku Kitwe, ndiye chimbuya, kunyozana kwa nthabwala kwa pakati pa mitundu, chinali cha tsiku lonse. Ba Denisi ankati atate ndi odya mbewa, ngakhale atate, Msilamu wosaphonya Lachisanu, mbewa sanailawepo. Atate ankabweza kuti anyani a ku Kitwe anatha chifukwa cha ndiwo.

Chaka chimenecho ndinali giredi faifi, ndipo ndinkadziwika pakhomo kuti Yusufu wa Chingerezi. Zoona zake, ndinali ndi mawu okwana m'thumba limodzi la kabudula, koma ndinkawatulutsa mokweza.

Ululu unayamba pa kafupa kakunja kwa chigongono cha kumanja. Poyamba atate ankangokwinya nkhope akamadula malata ndi sizasi. Kenako unatsika mpaka pamkono, moti tsiku lina kapu ya tiyi inawapulumuka, tiyi n'kutayikira pa mpasa. Amayi ankawathowa ndi nsalu yotentha ndi kuwapaka mafuta a pamsika onunkha ngati bulugama, koma m'mawa nyundo ikangolira kasanu, atate ankaiika pansi. Imeneyo inali miyezi yokha imene munthu aliyense m'komboni amafuna mbaula. Woiphonya ankadikira chaka chamawa.

Atate anapita nane kukiliniki, ati anthu a kumeneko akafuna kukubisira kanthu amathawira m'Chingerezi. Adokotala anali mnyamata wa nsapato zowala. Anadina pa kafupa paja, atate n'kudumpha. Anawauza kuti akweze chikhatho iwo akukankhira pansi, atate n'kudumphanso. Kenako anatembenukira kwa nesi amene ankalemba pa khadi, n'kunena mawu awiri mofulumira. Kwa atate analankhula Chinyanja chomveka bwino.

"Mudala, ni nyundo. Pumulitsani dzanja masabata angapo. Muziikapo nsalu ya madzi ozizira, mumange kansalu apa pansi pa chigongono, na mapilisi muzimwa. Mukabwerera ku nchito, mpini wa nyundo ukhale wonenepa."

Atate anavomera ndi mutu, koma titangotuluka pageti, pamene amayi ena ankakazinga vitumbuwa, anaima.

"Zaka zonsezi nyundo sinandilumepo, lero yamera mano? Iwe, mawu aja anauza nesi, anati chiyani?"

Mawu achiwiri ndinkawadziwa, tinali titayimba m'kalasi tikugwira ziwalo. Oyambawo ndinawamva mwa theka, koma wa Chingerezi sanena kuti sindinamve.

"Ati Denisi elibo."

"Elibo ndiye chiyani?"

"Chigongono."

"Chigongono cha Denisi," anatero atate pang'onopang'ono. "Mpaka a chipatala achiona."

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chinasanduka umboni. Atate anakumbukira kuti ba Denisi akamaseka ankakonda kuwagwira pamkono womwewo. Anakumbukira kuti mayi wina wa ku Kanyama, kasitomala wawo wakale, anagula mbaula ziwiri kwa ba Denisi. Ngakhale kaimbidwe ka mluzu ka ba Denisi kanayamba kumveka ngati ka munthu amene zake zayenda. Choopsa kwambiri chinachitika patapita masiku awiri. Ba Denisi atamva za dzanjalo, anatenga nyundo ya atate, n'kukulunga mpini wake ndi malegeni, timizere ta chubu cha njinga, mpaka unanenepa ngati chinangwa. Anabwera nayo akumwetulira. Atangochoka, atate anainyamula ndi pulayazi ngati khoswe wakufa, n'kukaiponya m'chimbudzi.

Chida chilichonse chimene chinagonapo pansi pa mango chinaletsedwa. Atate anakhala pakhomo pa kampando, dzuwa likuwaomba m'miyendo, maso ali kuseri. Amayi, amene sankakhulupirira wina aliyense, kaya dokotala kaya mfiti, ankachita zonse pamodzi. Nsalu yozizira ankaika, kachitenje pansi pa chigongono ankamanga, mchere pakhomo ankawaza. Ine ndinalembedwa ntchito ya ukazitape. Ba Denisi akatola msomali pansi, ndinkakanena kuti atola kanthu n'kubisa m'thumba. Akalavula, ndinkati alavulira mbali ya kwathu. Ndi pamenepo ndinaphunzira kuti katundu amayenda malinga ndi mmene wamufotokozera.

Patatha masabata anayi osagwira nyundo, atate ananyamula kapu ya tiyi osagwetsa. Anaikweza kuti tonse tione.

"Mwaona? Ndangosiya kukhudza zinthu zake."

Apo n'kuti kuzizira kukutha. Kuseri kunali kulira nyundo imodzi yokha, ndipo kwathu ndiwo zinali repu m'mawa, repu madzulo.

Chimene chinandigwetsa ndi kudzitama. Ndinatenga khadi ija kupita nayo kusukulu kuti aphunzitsi aone kuti ndimamasulira ngakhale za madokotala. Anaiwerenga, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi dasitala. Anandionetsa chilembo choyamba ndi chala cha choko. Sanali Denisi, inali tenisi, masewera a kumayadi omenya kampira ndi chinthu chonga sefa. Ati osewerawo chigongono chimawapweteka chimodzimodzi, ndiye matendawo anangotengera dzina, ngakhale agwire kalipentala kapena wochapa zovala. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda m'mbali mwa ngalande, khadi ikundiotcha m'thumba.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, ba Denisi anabwera pakhomo, manja ali akuda ndi mwaye, kapusi ili m'manja.

"Bashi Yusufu, nanga ni chani? Mwezi wonse simunanitukane. Nalakwa chani?"

"Funsani chigongono changa," anayankha atate.

Ba Denisi anayang'ana amayi, amayi anayang'ana beseni. Kenako anayang'ana ine.

"Iwe mwaiche, batate bako bakamba chani?"

"Auze," anatero atate. "Auze dzina limene adokotala anatchula."

Chinali chilembo chimodzi chokha. Ndikanatha kutulutsa khadi, anthu n'kuseka, ine n'kulandira khofi limodzi, nkhani n'kutha. Koma ndinaona repu wa mwezi wonse, nyundo ili m'chimbudzi, ndi dzina langa la Chingerezi. Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Anati Denisi."

Ba Denisi anaseka kaye, poganiza kuti chimbuya chabwerera. Ataona kuti akuseka okha, anavala kapusi yawo.

"Awe, bane. Ine?"

Anatembenuka n'kumapita. Mphepo ya Ogasiti isanathe, anali atasamutsira zida zawo kwa mng'ono wawo ku Chazanga. Njanji ija anaisiya, ngakhale amene anaibweretsa anali iwowo. Atate anabwerera kuntchito pang'onopang'ono, akupuma pafupipafupi, ndipo dzanja linawasunga zaka zambiri. Koma pansi pa mango panalibenso wowatcha odya mbewa, ndipo nthawi zina ndinkawaona atatsegula pakamwa kuti anyoze, n'kutsekanso.

Lero ndimagulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale, m'tauni, ndipo anzanga amandidziwa kuti mtengo ndikautchula sinditsika, ngakhale nsapatoyo ili ndi bowo. Amayesa ndi luso. Nthawi ija ndinkaganiza kuti ndapusitsa atate ndekha, ndi Chingerezi changa cha m'thumba. Tsopano ndafika msinkhu umene anali nawo, ndipo ndikuona kuti adokotala anawauza zonse m'Chinyanja, iwo n'kumva bwinobwino. Kungoti kwa mwamuna wodya za manja ake, kumva kuti mnzako wakulodza n'kopepuka kusiyana ndi kumva kuti dzanja layamba kutopa. Ndinawagulitsa chimene anabwera kudzagula. Amene analipira ndi ba Denisi, omwe sanali n'komwe pamsikapo.