Aneba Athu ndi Chitofu cha Gasi

Bambo oyandikana nafe kuno ku Chilomoni sanaphikepo ngakhale tiyi, koma za kukhitchini amati amazidziwa kuposa mkazi aliyense. Amaswera pakhonde ndi nyuzipepala yadzana, kudikira wodutsa woti amuphunzitse. Mawu awo ndi amodzi: "Zinthu zasintha, tili m'demokalase." Chonsecho banjalo limadya mandasi amene akazi awo amagulitsa pasiteji.

Mwezi watha anaganiza zogula chitofu cha gasi ku Limbe. Akazi awo anawapempha kuti anyamule chiwaya cha mandasi akayesere.

"Ine? Chiwaya m'minibasi, nditavala tayi?"

Anapita okha, nasankha choyera cha timaso tinayi, chifukwa choterocho ankachiona kwa abwana awo akale. Mbaula anaipereka kwa wotola zitsulo tsiku lomwelo.

Mayi aja ataikapo chiwaya, chinapendekeka, kamoto n'kumangonyambita pakati. Mandasi anatuluka otuwa, okhuta mafuta, ndipo anabwerera nawo onse kuchokera kusiteji.

"Bambo a Zondiwe, nanga tizidya chiyani?"

"Vuto ndi chiwaya chanucho. N'cha nthawi ya chipani chimodzi."

Tsopano m'mawa uliwonse mayiwo amadzabwereka mbaula yathu, n'kumakazingira kuseri kwa bafa kuti anthu asaone. Dzulo bambowo anaimitsa amayi anga pampanda.

"Inunso sinthani, amayi. Makala ndi umbuli."

Amanena izi ali ndi mandasi m'kamwa, okazingidwa pa makala athu.