Madzi m'manda a achimwene

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chotsamira khoma. Tinali titachezera ndi nyimbo m'nyumba ya achimwene anga ku Germiston, ndipo tulo tinandigwira mochedwa. Mvula imene inayamba madzulo inali isanakate. Amayi a mpingo anali atagona mothithikana pansi, ena atafunda zitenje mpaka kumutu. Bokosi linali pakati pa chipinda, alamu anga atakhala pambali pake, maso ali gwa.

Achimwene anadwala zaka zambiri. Matenda opha ziwalo anawagwira akutchetcha kapinga panyumba ina ku Benoni, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanayendenso. Chakumapeto ngakhale kumeza phala kunkawavuta. Atatsikira kuli chete tinalira, koma tinavomereza kuti apuma. Ife tinabadwira ku Zimbabwe. Makolo athu anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'migodi, ndipo mudzi wawo timangoumva dzina. N'chifukwa chake achimwene ananeneratu kuti tidzawaike konkuno ku Joni, kumene mwana wawo angamathe kukaona manda.

Mwana ameneyo ndi Tadala, mmodzi yekhayo. Nthawi imeneyo anali ku yunivesite, akuphunzira uinjiniya wa madzi ndi misewu, komanso anali kaputeni wa timu ya ntchemberembaye. Ziwawa zodana ndi anthu obwera za mu 2008 zitatithamangitsa, tinakhalapo m'kanyumba ka malata kumalo kumene mvula ikagwa madzi onunkha ankalowa mpaka kunsi kwa bedi. Tadala, ali kamtsikana, ankakapa madziwo ndi mbale, uku akunena kuti akadzakula adzakumba ngalande kuti anthu asamagone m'matope. Ife tinkangoseka.

Kutayera, ndinatuluka panja. Azimayi ankalimbana ndi moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zitanyowa, utsi utadzaza m'tenti, aliyense akupukuta misozi yosadziwika ngati ndi ya maliro kapena ya utsiwo. Aneba athu Achizulu ndi Achisuthu anaona zimenezo n'kubweretsa mbaula zawo za gasi ndi mipando. Matekisi anayamba kutsitsa anthu pakona. Kunafika ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni a ku Alberton, atanyamula nsapato m'manja. Kunafika abale athu Achisilamu ogulitsa malonda, atapinda mikanjo. Abale ochokera ku Zimbabwe anali atafika dzulo lake pa basi, ndipo ankayenera kubwerera m'mawa mwake. Kenako inaima minibasi ya atsikana a timu ya Tadala, ataliatali onse, atavala masiketi akuda ndi majekete ofanana. Analowa mwakachetechete, nagwada pamaso pa alamu.

Mwambo wa panyumba uli pafupi kuyamba, bambo amene tinawatuma kumanda anabwera akuthamanga. Kuno manda amakumba ndi makina tsiku la maliro lisanafike. Iwo anati dzenje ladzaza madzi, ndipo khoma limodzi layamba kugumuka. Woyang'anira manda anali atanena kuti n'zoopsa, tidikire mpaka Lolemba makina akadzabweranso. Tsikulo linali Loweruka.

Mawuwo anayenda m'tenti monse. Kudikira kunatanthauza kunyamula achimwene kubwerera nawo ku mochale, ndiponso abale akutali kubwerera osaponyako dothi. Alamu atamva anangoweramira bokosi. Analibenso mphamvu yolira.

Apo Tadala anadzuka pamphasa, nagwada pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, ndiloleni ndipite ndikaone."

Mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene ankayendetsa mwambo, anapukusa mutu. "Mwana wanga, namfedwa sachoka pasiwa. Kumanda n'kwa adzukulu."

"Ndamva, abambo," anatero Tadala. "Koma za madzi ndi zimene ndimaphunzira. Zikakanika ndibwerera, sindikakangana ndi munthu."

Mkulu uja anayang'ana alamu. Iwo osadzutsa mutu anati, "Musiyeni apite." Kenako anandikodola. "Alamu, mupite naye."

Tinakwera pagalimoto ya bambo wina Wachisilamu amene ali ndi malo otsukira magalimoto. Iwo anakweza pampu ndi jenereta yawo osadikira kupemphedwa. Azibambo anatenga mafosholo ndi matabwa amene neba wina ankamangira nyumba. Atsikana aja anakhuthula ndowa zonse za kukhitchini n'kutilondola.

Manda ake ali pamalo otsetsereka. Dzenje la achimwene linali chakumunsi, lodzaza madzi ofiira mpaka pafupi ndi pakamwa. Tadala anangoliyang'ana pang'ono, kenako anavula nsapato n'kuyamba kukwera mtunda, maso ali pansi. Anapeza kuti madzi ankachokera kumsewu, n'kumatsata mkwasa wa matayala a makina aja mpaka kugwera m'dzenjemo. Anapita kwa woyang'anira manda, nalankhula nawo m'Chizulu, manja atagwira kumbuyo. Bamboyo anayenda naye kukaona mkwasawo. Anavomera kuti tichotse madziwo, koma anati munthu asalowe m'dzenje makoma asanatchingidwe.

Ntchito isanayambe, Tadala anaitana anzake. Anaima mozungulira atakolekana mapewa, monga amachitira asanalowe m'bwalo. Ifenso tinayandikira, ndipo abale Achisilamu aja anatambasula manja awo. Pemphero la Tadala linali lalifupi.

"Ambuye, tipatseni nzeru ndi manja. Bambo anga atopa, akufuna kugona."

Azibambo anakumba kangalande kopingasa kumtunda, madzi napatukira kutchire. Jenereta inalira, pampu inayamba kulavula. Madzi ankatsika pang'onopang'ono, ife tikuyang'anira pakhoma mmene akutsikira. Atafika chakunsi, pampu inatsamwa ndi matope. Mnyamata wina wamphamvu, msuweni wathu, anavula malaya kuti adumphiremo ndi ndowa. Tadala anamugwira pamkono ndi dzanja lija logwira mpira.

"Achimwene, ayi. Maliro amodzi atikwana."

Mnyamatayo anakwiya, koma anabwerera m'mbuyo. Azibambo akutsitsa thabwa loyamba, chibuma chachikulu chinanyotsoka pakhoma n'kugwera pamalo pomwe iye akanaima. Mnyamata uja anavala malaya ake, nagwira thabwa lachiwiri.

Tadala ankaloza poika thabwa lililonse ndi popingasa mtengo. Sankakuwa. Akafuna chinthu ankatchula munthu mwaulemu, akalandira ankathokoza. Makoma atalimba, woyang'anira uja anatsika yekha kukagwedeza matabwa, ndipo analola azibambo awiri kulowa. Atsikana anapanga mzere kuchoka padzenje mpaka kungalande. Ndowa zinkayenda m'manja mwawo mofulumira, yodzaza kupita, yopanda kanthu kubwera, osataya pansi. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo tonse tinalandira. Masiketi akuda aja anasanduka ofiira.

Pomaliza azibambo anathira pansi mchenga wouma umene woyang'anira uja anawapatsa. Tadala anaima m'mphepete, nasuzumira m'dzenje louma lija, ndipo m'pamene analira. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanamuone akulira choncho. Anzake anamukhazika pansi, ine n'kumufunditsa chitenje changa.

Titabwerera kunyumba mvula inali itakata. Anthu anaona nkhope, abusa analalikira mwachidule, ndipo bokosi linatuluka dzuwa litapendeka. Galimoto ya maliro inali patsogolo, matekisi pambuyo, nyali zitayatsidwa. M'msewu ana anasiya mpira wawo, azibambo ena anavula zipewa. Pachipata cha manda tinatsika n'kuyenda wapansi. Amayi a mpingo ankaimba, matope akutidyera nsapato. Atsikana aja anagwira alamu uku ndi uku, pafupifupi kuwanyamula.

Bokosi linatsika bwinobwino. Zingwe zitatuluka ndinamva mtima wanga ukukhala pansi. Mkulu wa mpingo uja anatapa dothi pafosholo, napereka kwa alamu, kenako kwa Tadala. Abale a ku Zimbabwe anaponya lawo, ifenso lathu. Azibambo anakwirira mosinthanasinthana, Akhristu ndi Asilamu, mpaka mtumbira unakwera. Tinaika nkhata, dzuwa likutiwomba kumsana.

Kunyumba tinasamba m'manja pachipata, anthu nalandira chakudya. Gogo wina Wachisuthu wa mumsewu womwewo anakoka Tadala jekete, namuuza kuti amalize sukulu msanga chifukwa kwa iwonso madzi amalowa m'khitchini. Tadala anagwada, nati watsala pang'ono, ndipo msewu wa agogowo adzayambira umenewo. Agogowo anaseka mpaka kutsokomola. Anzake pokwera minibasi anamufunsa ngati adzakhalepo pamasewero a sabata yotsatira. Iye anayang'ana mayi ake. Alamu anagwedeza mutu kuvomera.

Madzulo aneba anatenga mipando ndi mbaula zawo. Tenti inagwetsedwa. Abale analowa kukagona msanga chifukwa cha ulendo wa m'mawa. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi la makandulo. Tadala anagona pampando, miyendo italendewera kumapeto, chifukwa mpandowo unamufupikira. Ine ndinasesa, n'kupangira alamu tiyi. Anamwa yense, napempha buledi. Atadya anakhala kanthawi akuyang'ana chitseko cha kuchipinda, chimene kwa zaka zonsezi sichinkatsekedwa usiku kuti achimwene akaitana azimveka.

"Alamu," anatero, "lero ndigona osamvetsera."

Anadzuka, nalowa, natseka chitsekocho. Posakhalitsa ndinamva akuliza mkonono.