Chitseko cha mbawa chimene ndinachotsetsa

Lachiwiri masana, kuno kudziko la eni kumene ndikukhala, mvula inandilowetsa m'bala, ine wosalawa mowa. Ndinkachokera ku laibulale, ndipo khomo lotsegula lapafupi linali lomwelo.

M'katimo ndinangoti kukamwa yasa. Balayi yatha zaka zoposa zana. Kauntala yake ndi ya matabwa ofiirira, yosalala ndi zigongono za anthu amene anamwalira kalekale. Magalasi ojambulidwa maluwa, denga losemedwa ngati la tchalitchi, ndipo pakona pali kachipinda kamene kale azimayi ankamweramo mobisala, mowa ukudzera pakazenera.

Pakhomo pa kachipindako panagwada kalipentala waimvi, dzina lake Declan. Anandipempha kuti ndimugwirire chitseko pamene ankamanga mahinjesi.

"Zaka khumi ndakhala ndikukhoma zitseko m'mafulati atsopano," anatero. "Chuma chitagwa, kampani inatseka. Mafulatiwo ali pululu, ena ayamba kale kudontha. Koma taonani ichi. Amene anachipanga sanakhomepo msomali ndi umodzi womwe."

Mwana wake, yemwe ankamuphunzitsa ntchitoyi, anapita ku Australia mwezi watha kukasaka ntchito.

Kenako Declan anandifunsa: "Kwanu zakale zotere mumazisunga bwanji?"

Ndinati timayesetsa. Linali bodza.

Agogo anga aamuna anasiya golosale ku Ntcheu, ya chitseko cha mbawa chimene anasema okha. Chaka chatha ndinatumiza ndalama kuti chichotsedwe, paikidwe chachitsulo. Ndinkafuna tioneke otukuka.

Nditafika kunyumba ku Ongar, dera limene ndimakhala mumzinda uno, ndinaimbira mlongo wanga.

"Achemwali, chitseko cha agogo chija chili kuti?"

"Chija? Tinawaza pa maliro a amalume, nkhuni zinavuta ndi mvula. Bwanji achimwene, mumachifuna?"

Ndikanawadzudzula bwanji, wolamula ndinali ine?

Ndipo si ine ndekha. Ife tili kunjafe timakonda kujambulitsa patsogolo pa nyumba zakale za eni dziko, zithunzi n'kutumiza kwathu monyadira. Koma ndalama zathu zikafika kumudzi, ntchito yake yoyamba ndi kugumula. Khonde la njerwa lichoke, mazenera a matabwa achoke, pabwere zonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikuti tizikhala m'nyumba zodontha. Zina n'zoyenera kusintha ndithu.

Koma inu amene mukutumiza ndalama zokonzera nyumba mwezi uno, mwafunsako chimene akachotsepo, ndi dzina la amene anachipanga?