Chimunthu Chobiriwira Sichinapite Kwawo

Tikiti yanga yobwerera kumudzi inali itagulidwa kale pomwe ndege zinasiya kuuluka. Ndinali nditalonjeza mwana wanga kuti pa Isitala tidzakhala limodzi. Korona atavuta, abwana anangoti khalas, kutanthauza kuti basi zatha, palibe wotuluka pakhomo. Ine wantchito wogonera pompo mu fulati ya ku Al Muraqqabat, kudziko la Aluya, dziko langa linangotsala khitchini, kachipinda kanga kopanda windo, ndi khonde lomwe ndinkayanikapo zovala. Ngakhale zinyalala ankakataya okha abwana, poopa kuti ndingakumane ndi anzanga pansi n'kubwera nako kachilomboko.

Mwana wanga, mtsikana wa sitandade 3, ndinamusiya ndi achemwali anga ku Balaka. Nditamuuza kuti ulendo walephereka, sanalire. Anangosiya kundiyankhula basi. Ndikaimba foni achemwali ankati wapita kosewera, chonsecho ine ndikumva mawu ake chapafupi pomwepo. Zinkandipweteka kwambiri, ndisaname.

Madamu, akazi a abwanawo, anali ochokera ku France. Anali ndi katoni ya mabuku azithunzi a paubwana wawo, ndipo sukulu zitatsekedwa anaitulutsa kuti kamwana kawo, kamtsikana ka zaka zisanu, kasamawasokoneze akamagwira ntchito pakompyuta. Wowerenga ndinali ine. Nanga Chifalansa ine ndichidziwire kuti? Ndinkangotsata zithunzi n'kumapeka nkhani m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

M'mabukumo munali chimunthu chobiriwira, chamaso ngati matochi, chovala kabudula wamkati pamwamba pa buluku, chouluka pamadenga a anthu. Kwathu munthu wouluka pamadenga a anzake timamudziwa dzina lake. Ndiye ndinanena mosakayika kuti iyi ndi mfiti, asilikali akuithamangitsawa ndiwo abwino. Kamwanako kanalira mpaka madamu kutuluka pamsonkhano wawo wapakompyuta. Atamva nkhani yake anaseka mpaka misozi. Anandifotokozera kuti ameneyu ndi mlendo wochokera ku nyenyezi ina, anabwera kudzateteza dziko lino kwa zilombo zam'mlengalenga, kungoti anthu samumvetsa. Ndinati chabwino madamu, koma mumtima ndinati za kabudulazo ndiye sindikumukhululukira.

M'nyumbamo chilichonse chinkapukutidwa ndi mankhwala, ngakhale nthochi. Tsiku lina ndikupukuta mabukuwo ndinajambula tsamba limodzi n'kutumiza pafoni ya achemwali, ndi mawu akuti, "Taona chimunthu ichi, chavala ngati amalume ako ataledzera." Sindinayembekezere kanthu. Madzulo ake kunabwera mawu a mwana wanga, oyamba pa milungu yambiri.

"Amayi, chikuuluka bwanji chopanda mapiko?"

Ndinakadzitsekera m'bafa n'kuwamvetsera kambirimbiri, misozi ili chuchuchu, kwinaku ndikuseka ngati wamisala.

Kuyambira pamenepo ndinkatumiza tsamba limodzi patsiku. Mawu ndinkajambulira pakhonde poyanika zovala, msewu pansipo uli zii, masitolo onse otseka, kukudutsa anyamata operekera zakudya panjinga zamoto okha. Ndinkachita kuumira dala, ngati shuga wakumapeto kwa mwezi, kuti mabuku asathe msanga. Ndinkadziwa kuti mwana wanga sakuyankhula ndi ine kwenikweni, akufuna za chimunthucho. Sankandifunsa kuti mwadzuka bwanji. Komabe ankayankhula, ndipo ine zinandikwana. Pomwe zithunzi zandisokoneza ndinkafunsa madamu, iwo n'kumadabwa kuti wantchito wawo wayamba liti kukonda zimenezi.

Kenako tinafika pa buku lomaliza. Zilombo zagonja. Abale ake a chimunthu chija abwera ndi chombo chachikulu kudzachitenga. Chafika pachitseko penipeni, mwendo umodzi uli m'kati, kenako chatembenuka. Ndinatengera bukulo kwa madamu kuti andiuze zomwe chikunena.

"Akuti sangapite," anatero madamu, dzanja lili pachifuwa. "Anthu a kuno akumufunabe. Pamenepa ndili mwana ndinkalira."

Ndinaona ngati Mulungu wandipatsa poyambira. Ndinatumiza tsambalo, n'kufotokoza bwinobwino ndi mawu ofatsa ngati a kutchalitchi, kenako ndinawonjezera zanga: "Waona mwanawe? Nthawi zina munthu amakhala kutali chifukwa kumeneko kuli omufuna. Si kuti kwawo wakuiwala ayi."

Kunali zii masiku angapo. Foni ndinkayenda nayo m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera ndinkaitulutsa msangamsanga. Mawu atabwera anali afupi.

"Amayi, kwawoko kuli mwana wake?"

Ndinakhuthula katoni yonse pansi n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba. Kwawo kwa chimunthucho anakujambula kangapo, mapiri ofiira, nyumba zosongoka, koma mwana panalibe. Madamu nawo anati sanaganizepo za zimenezo. Ndinafuna kupeka bodza monga ndinkachitira ndi kamwana kawo, koma kwa wangayu pakamwa panakana. Ndinamuyankha kuti bukuli silikunena.

Ulendo uno sanachedwe kuyankha.

"Aliko. Sanamujambule chabe."

Ndinaima pakhonde paja, thaulo lonyowa lili m'manja, ndikuyang'ana kumwamba kopanda ndege ngakhale imodzi. M'nyumbamo kamwana ka madamu kanayamba kundiitana, kakufuna mkaka. Ndinabwezera foni m'thumba la epuloni n'kulowa.