Ulusi Umene a Haradhan Sanamange

Amuna anga, a Haradhan Kundu, anatha zaka makumi atatu ndi zinayi akukonza zoimbira za eni ake m'kashopu kathu ka pafupi ndi doko la maboti ku Chuchura, tauni ya kufupi ndi Kolkata. Limba likayamba kupuma ngati nkhalamba ya mphumu, gitala ikapindika khosi, anthu ankabwera nazo kwa iwo, n'kukazitenga zili bwino kuposa tsiku limene anazigula. Tauni yonse inkawadziwa kuti ndi okonza. Zoti ankaimbanso tinkadziwa ndi ine ndi abuluzi a pakhoma basi.

Ankaimba m'mawa asanatsegule shopu, atakhala pansi, gitala itagona chagada pamiyendo monga timaimbira kuno, kachitsulo kosalala kakutsetsereka pansambo kudzanja lamanzere, timakhadabo tachitsulo kuzala zakumanja. Sankaimba za m'makanema ayi. Ankaimba nyimbo khumi ndi ziwiri zimene anawasiyira mphunzitsi wawo, Ustad Kalimuddin, bambo wosauka amene ankakhala kuseri kwa mzikiti ndipo anamwalira ine ndisanakwatiwe. Nyimbozo Ustad anazipeka okha, sanazilembe papepala, ndipo sanaphunzitse wina aliyense. Amuna anga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Ustad anawamanga ulusi wofiira pamkono n'kuwadyetsa tchana ndi shuga wakuda wa nzimbe, monga achitira mphunzitsi akamalandira wophunzira kuti akhale wake. Chiyambire pamenepo, akafuna kutchula dzina la Ustad ankayamba agwira khutu, ngakhale zala zili ndi guluu.

Ife Mulungu sanatipatse mwana. Ndiye nyimbo khumi ndi ziwirizo zinali m'mutu umodzi wokha, ndipo mutuwo unkamera imvi ine ndikuona. Ndine ndinkawavutitsa kuti apeze wophunzira. Ndikunena poyera, chifukwa pa zimene zinachitikazo dzanja langa lilimo.

Kakoli, mwana wa a Modak ogulitsa maswiti a mkaka pamphambano, anabwera mu 1993 ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, atanyamula gitala imene mchimwene wake anaisiya popita ku usilikali. Ankafuna ikonzedwe kuti aigulitse. Amuna anga ataikonza anaiyesa pang'ono, mtsikanayo ataima pakhomo, ndipo miyendo yake inakana kuchoka. Anafunsa ngati angamuphunzitse. Iwo anakana, anati sadziwa kuphunzitsa. Ine ndili kuseri kwa katani ndinayankha kuti abwere Lamlungu m'mawa.

Sabata imeneyo ndinaonera zoseketsa. Munthu woimba zaka makumi anayi anazindikira kuti sadziwa chimene manja ake amachita. Ankagwira kachitsulo n'kumadziyang'ana zala, ndipo akangoyang'ana, nyimbo inkasokonekera. Lachinayi anandikhazika pansi kuti ayesere pa ine, mphodza ili pamoto. Anafotokoza za Ustad kwa theka la ola, nsambo osaigunda ndi kamodzi komwe, mpaka mphodza inapserera. Ndinawauza kuti akadzachita zomwezo Lamlungu, mwana wa eni ake adzagona tulo.

Kakoli anafika tsitsi lili lonyowa, natigwira mapazi tonse awiri, monga timalemekezera akulu kuno. Ankaitana amuna anga kuti Kaku, ine Kakima, monga aitanira mwana wa pafupi. Poyamba anaikumbatira gitala pachifuwa ngati anyamata a m'makanema, ndipo zinatenga nthawi kuti avomere kuigoneka. Atamupatsa kachitsulo, kanamupulumuka n'kugubuduzikira kunsi kwa bedi. Ndinakatulutsa ndi tsache. Kanagwanso. Amuna anga anafotokoza kagwiridwe kake ndi pakamwa, anasonyeza m'malere, thukuta lili kamukamu, koma kugwira dzanja la mwana wamkazi wa munthu wina sakanayerekeza.

"Mukumva kodi? Tabwerani mumugwire dzanja," anandiitana. "Chala ichi pamwamba, ziwirizi zigone kumbuyo."

Ndinakhala kumbuyo kwake, dzanja langa pamwamba pa lake. Linali lozizira. Iwo anaimba liwu limodzi ndi pakamwa, n'kutiuza kuti titsetsereke mpaka nsambo ikumane ndi mawu awo. Chimene chinatuluka chinali ngati mphaka wopondedwa mchira.

"Osakanikiza, mwana wanga. Sukupala nsomba."

"Si ine, Kaku. Akukanikiza ndi Kakima."

Zinali zoona. Tinaseka tonse, ndipo mantha anamuthera pomwepo. Patatha ola lathunthu tikupitirira malo ake kapena kupereweza, liwu la nsambo linakalowa m'mawu awo ndendende, osamvekanso kuti awa ndi munthu, iyi ndi gitala. Ndinali nditachotsa kale dzanja langa iye osadziwa. Amuna anga anadzuka n'kutuluka panja ngati akukalavula. Ine ndinkawadziwa. Ankakapukuta misozi.

Anaphunzira zaka zitatu. Mwezi woyamba wonse anauthera pa kutsetsereka komweko, kuchoka apa kufika apo, ndipo sanadandaule. Ndisamunamizire mwanayo, khutu anali nalo, ndipo khama lake linali loopsa. Timakhadabo titamutupitsa zala, ndine ndinkamupaka mafuta. Ankadya nafe mpunga ndi nsomba Lamlungu lililonse, ndipo mutu wa nsomba, umene kale unali wa amuna anga, unasanduka wake. Iwo nawo anaphunzira kuphunzitsa. Anasiya nkhani zazitali, anadziwa nthawi yoyenera kukhala chete. Nyimbo za Ustad anamupatsa zitatu, chidutswa ndi chidutswa, ndipo yachitatu inali ya nyengo ya mvula, imene ankaikonda kuposa zonse.

Chimene sanachite ndi kumumanga ulusi. Ndinagula ulusi wofiira kawiri konse. Koyamba anati mwanayo sanakhwime. Kachiwiri anandiuza zoona zake, kuti akuchita manyazi. Iwo ndi ndani, wokonza malimba wonunkha guluu, kuti akhale pampando umene Ustad anakhalapo? Anthu amva bwanji kuti Kundu wa kushopu wayamba kudzitcha Guruji, mphunzitsi wolemekezeka? Ndinawauza kuti kudzichepetsa kwinaku n'kupusa. Anangoseka, n'kunena kuti mtima wa mwanayo ndi womangika kale.

M'chaka chachitatu Kakoli anasintha tsiku la phunziro. Anati Lamlungu azikwera sitima kupita ku Kolkata kukaona azakhali ake odwala. Azakhaliwo anadwala miyezi isanu ndi itatu, ndipo ine chitsiru ndinkawatumizira ndimu wothira mchere.

Mu Disembala anatibweretsera khadi. Ankakaimba koyamba pamaso pa anthu, masana a Loweruka, mu holo ya m'tauni momwemuno. Amuna anga anasita malaya awo oyera okha, kukana kuti ndiwathandize. Usiku wake anandifunsa ngati munthu amaimirira kapena amangokweza manja dzina lake likatchulidwa. Kenaka anadzidzudzula okha, anati lofunika si lawo. Chimene ankafuna n'choti dzina la Kalimuddin limveke kamodzi kokha pachinkuza mawu, pamaso pa anthu a tauni imene inamuika m'manda osadziwa kuti yaika ndani.

Anatikhazika pamzere wachinayi. Kutsogolo kunali bambo wina wa ku Kolkata, wa nsalu yodula paphewa, amene anthu ankapikisana kumugwira mapazi. Ndi woimba wotchuka, mumamudziwa nonse, koma ine dzina lake sinditchula, ndingoti Panditji monga ankamulemekezera anthu. Kakoli anakwera pansanja atavala nsalu ya sari yachikasu. Akuchuna nsambo, zibangili zinatsetserekera kuchigongono, ndipo ndinauona. Ulusi wofiira, watsopano, pamkono wakumanja. Ndinayang'ana amuna anga. Maso awo anali atafooka kale, sanaone kanthu, ankangomwetulira.

Kakoli anagwira khutu, monga anaonera m'nyumba mwanga kwa zaka zitatu, n'kutchula Panditji wa pamzere woyamba uja. Anati zonse zimene zala zake zikudziwa ndi mphatso ya Guruji wake ameneyo, ndipo aimba nyimbo ya mvula, yochokera m'nyumba ya Guruji.

Anaiimba bwino, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Sanaphonye paliponse. Ngakhale pamalo paja pamene Ustad ankachedwetsa kachitsulo kasanafike pa liwu lomaliza, anachedwetsa chimodzimodzi. Amuna anga anakhala chowongoka, manja pamaondo, zala zakumanzere zikuyenda zokha pansalu. Anthu ataomba m'manja, Kakoli anathokoza bambo ake, komanso woimba ng'oma ndi okonza mwambowo. Kenaka anayang'ana kumzere wathu.

"Ndithokozenso Kaku Haradhan a kudoko, amene amandikonzera gitala. Gitala yanu ikavuta, pitani kwa iwo."

Anthu anaseka mokoma, naomba m'manja. Amuna anga anaimirira, nagwirizanitsa manja pachifuwa, n'kukhalanso pansi. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Popita kunyumba anangondifunsa ngati kunyumba kuli palafini.

Kakoli anabwera patatha masiku atatu, atanyamula bokosi la maswiti a bambo ake. Atawerama kuti andigwire mapazi ndinawabweza. Ndinamufunsa za azakhali ake, ngati ndimu wanga anawachiritsa. Anagwetsa nkhope, koma misozi sinatuluke.

"Kakima, ine sindinaname pansanja paja. Kaku sanandimange ulusi. Ndinadikira zaka zitatu. Popanda dzina la mphunzitsi wodziwika, ku Kolkata sakulola ngakhale kuvula nsapato pakhomo."

"Nanga nyimbo ija? Nayonso anaimanga ulusi?"

Anati Panditji atamumva akuiimba anaikonda, n'kunena kuti chimene wophunzira waimba ndi cha nyumba imene yamulandira. Dzina la Kalimuddin iye analitchula ndithu, koma Panditji anafunsa kuti ameneyo ndi ndani, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinaganiza kuti wabwera kudzapepesa, ndipo ndinali nditakonza kale mawu omukanira. Koma sanabwerere zimenezo. Anatembenukira kwa amuna anga n'kunena kuti Panditji amva kuti nyimbozo zilipo khumi ndi ziwiri, ndipo akufunsa ngati iye Kakoli angaphunzire zisanu ndi zinayi zotsalazo.

Ndinanyamula bokosi la maswiti lija n'kukaliika panja pakhomo. Ndinamuuza zimene sindingabwereze pano. Amuna anga anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenaka anamufunsa Kakoli funso limodzi, ngati akadzaziimba adzatchula Ustad. Kakoli akanatha kunama, koma anangoti sangalonjeze.

"Khala pansi," anatero amuna anga. "Chuna gitala."

Ndinawakokera kukhitchini ndi mkono. Ndinawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino, ngati kuimitsidwa mu holo muja ngati wantchito sikunawakwane. Ndinawakumbutsa kuti Ustad anawamanga ulusi kuti asunge nyimbozo, osati kuti azipereke kwa akuba. Nkhope yawo inali yotuwa ndi mkwiyo, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo mwa iwo.

"Mukuganiza kuti sindikumva kuwawa? Sindikufuna n'kumuona komwe. Koma ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe wina wabwera pakhomo pano. Ndikamuthamangitsa, nyimbozi mudzaziotcha pamodzi ndi mtembo wanga kumtsinje."

Anamuphunzitsa chaka ndi theka. Sanamutchenso mwana wanga, sanasekenso naye, ndipo phunziro likatha ankakagona chafufumimba osadya. Ine sindinamuphikirenso ngakhale tiyi, ndipo masiku a phunziro ndinkakakhala kwa mchemwali wanga. Amuna anganso sindinawakhululukire msanga. Ndinkaona ngati nawonso andigulitsa, ine amene ndinagwira dzanja lija tsiku loyamba. Atamaliza nyimbo yachikhumi ndi chiwiri, Kakoli sanapondenso pakhomo pathu. Amuna anga anamwalira mu 2001, ndipo anthu a ku Chuchura anadandaula kwambiri kuti malimba awo azikonzetsa kuti.

Lero Kakoli ndi dzina lalikulu, ali ndi ophunzira ake amene amawamanga ulusi. Nyimbo zija zimamveka pa wailesi, makamaka m'mawa, ndipo ndimazizindikira liwu lachiwiri lisanathe. Mtima wanga sunazizire ayi. Koma ndimasiya chimene ndikuchita, ndimakhala pansi pafupi ndi wailesiyo, ndipo ndimamvetsera yonse, chala chili pabatani. Ndimadziwa pamene iliyonse imathera. Kachitsulo kakangofika pa liwu lomaliza ndimazimitsa, muulutsi asanatsegule pakamwa kunena kuti nyimboyo ndi ya ndani.